Singano Yoyeza Mpweya ndi Sanda ya Che Amidu

Ana anga, m'sutikesi yachitsulo imene ili pansi pa bedi langa muli chikhoti choyera cha matumba atatu. Amayi anu ayesa kangapo kuchidula kuti asokere mapilo, ndipo nthawi zonse takangana mpaka anansi kubwera kudzaleretsa. Inu mumaseka, mumati madala akunyadira udokotala umene sanauphunzire. Sekani ndithu, mano ndi anu. Koma poti maso ayamba kuchita chidima ndipo mawondo akukana, ndati ndilembe mbiri ya chikhoticho nzeru zikadalipo, kuti tsiku lina musadzachite nacho zosayenera.

1974

Za ubwana wanga ku Ntcheu sindinena, n'zofanana ndi za aliyense amene anawetapo mbuzi. Ntchito yanga yoyamba inali ya mu mgodi ku Joni, kukankha ngolo za miyala pansi pa nthaka, kapitawo akukuwa m'Chifanakalo, chilankhulo cha m'migodi, kuti checha, checha, ndiye kuti fulumira! Chaka chimenechi anthu akwathu ambiri anabwerera kumudzi. Ine ndinayang'ana katundu wanga: bulangete limodzi, nsapato za mgodi ndi wailesi yosalankhula. Ndinati ayi, Lufeyo mwana wa Kachingwe sangafike kwawo chimanjamanja chonchi, agalu omwe angandiseke. Ndinatsala, ndipo nditazungulira ndithu ndinapeza ntchito ya m'dimba ku Randburg, panyumba pa dokotala wina wachizungu. Dzina lake linkandipinda lilime, choncho ndinkangowatchula a Chipewa, chifukwa chipewa chawo chotuwa sankachivula, kaya m'galimoto, kaya patebulo. Anali munthu wamtali, woonda, wosalankhulalankhula. Ndiwo anandikonzera mapepala okhalira m'dzikomo. Adona awo ankafuna maluwa, ine ndinkawapatsa maluwawo, koma kuseri kwa galaja ndinali ndi bonongwe wanga amene iwo ankamuyesa udzu wouma mutu.

M'nyumbamo munali bambo awo a dokotala, nkhalamba yofa mbali imodzi. Anamwino ankabwera n'kuthawa chifukwa mkuluyo ankaluma. Zoona, ankaluma ndi mano! Tsiku lina atagwa m'bafa anandiitana kuti ndidzanyamule, ndipo kuyambira pomwepo nkhalamba inakana kugwiridwa ndi wina aliyense kupatula ine. Ndinaisambitsa ndi kuidyetsa mpaka tsiku lake linakwana. Maliro atatha, a Chipewa anandipeza ndikuthirira maluwa n'kunena kuti, "Lufeyo, manja akowa akuwonongeka m'dothi. Lolemba ukwere galimoto, tipite kuchipatala."

1978

Ndinalembedwa ntchito yokankha odwala pachipatala china chachikulu m'Joni, mbali ya anthu akuda, poti masiku amenewo ngakhale matenda ankawagawa potengera khungu. Gawo lathu linali m'chipinda chapansi, kumene kunali chimakina chowotcha zotupa za khansa ndi cheza chosaoneka ndi maso. A Chipewa ankasamala makamaka za zotupa za m'kamwa, za pammero ndi za m'khosi. Amene ankatilamulira tsiku ndi tsiku anali Sisitala Mokoena, mayi wa Chisutu, wamfupi, wa mawu omveka mpaka pachipata. Dzina langa sanalitchulepo. Ankangoti, "Wena Nyasa!" kutanthauza iwe Mnyasa, ine n'kuthamanga. Poyamba ndinkawaopa koopsa, koma ndinadzaona kuti wodwala akamakana kudya, iwo ankakhala naye pansi n'kumamunyengerera ngati khanda.

Ntchito inali yambiri, zipangizo zochepa. Nsalu zoyala zinkasowa, machira anga a matayala anali ndi tayala limodzi lokhota moti ndinkayenda cham'mbali ngati nkhanu, ndipo chimakina chikafa, zitsulo zake zinkachedwa kubwera chifukwa maiko akunja anali atakwiya nalo dzikolo. Koma tinkaseka, ana anga, tinkaseka kwambiri. Odwala ankalembedwa mizere ya inki pakhosi kuti cheza chizilunjika pamalo omwewo, ndipo tinkawaletsa kusamba pamenepo. Mkulu wina wa Chizulu anati, "Hawu, chipatala chabwino ichi, choletsa kusamba! Mkazi wanga abwere adzamve yekha." Chifukwa ndinkatha Chifanakalo, Chizulu, Chisutu pang'ono ndi Chiyao cha pamsika, ndinasanduka womasulira wa aliyense. Amayi anu ndinawakwatira pa tchuthi cha m'zaka zimenezi, ndipo inu munkabadwa motsatira matchuthi anga.

Chinthu chimodzi chinkandizunguza mutu. Anthu awiri ankabwera ndi zotupa zofanana, kuwotchedwa mofanana, koma cha wina n'kuphwa, cha mnzake n'kungokhala gwa ngati mwala. Tsiku lina tikubwerera ku Randburg ndinalimba mtima.

"Bwana, kodi makina aja amakondera?"

A Chipewa anaseka pang'ono. "Mbaula yako ija kuseri, ukatseka mabowo ake onse, makala amayaka?"

"Sangayake, bwana. Moto umafuna mpweya."

"Chezanso chimafuna mpweya. Magazi amanyamula mpweya uja wotchedwa okosijeni kupita nawo m'thupi monse. Chotupa chikakula mofulumira, mitsempha yake siikwanira, pakati pake pamasowa mpweya, ndiye cheza chimangodutsa osapha bwino nthendayo. Vuto n'lakuti ndikayang'ana khosi la munthu, sindingadziwe ngati mkatimo muli mpweya kapena mulibe."

"Ndiye mumangoponya mwala kumdima?"

"Eya," anatero, "kwa tsopano."

1990

Kwa tsopano kuja kunatenga zaka zambiri, ine imvi zitayamba kale. Chaka chimenechi kunafika bokosi lochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo a Chipewa analizungulira ngati mwana amene wagulidwa njinga. Munali makina oyezera mpweya m'kati mwa chotupa. Anali ndi singano yaitali, yopyapyala, yolumikizidwa ndi waya ku kabokosi kokhala ndi galasi ngati la wailesi ya kanema. Pakhosi pa wodwala ankabayapo jakisoni wochititsa dzanzi, kenako singano ija inkalowa m'chotupa, ndipo kamakina kankaikankha pang'ono, n'kuibweza pang'ono, n'kuikankhanso, ikuyenda ngati bilimankhwe. Paliponse pamene yaima inkayeza mpweya. Pamapeto pake pagalasi pankatuluka timizati. Timizati tikaunjikana kumanzere, ndiye kuti chotupacho chilibe mpweya, ndipo nkhondo ikhala yovuta. Tikamwazikira kumanja, mpweya ulimo.

Anandichotsa pa machira n'kundiika pa makinawa. Ntchito yanga inali kukonza singano tisanayambe: kuiviika m'madzi amchere odutsamo mpweya wamba, kenako m'madzi odutsamo mpweya wina wa m'chibotolo chachitsulo umene ulibe okosijeni, kuti makina adziwe kusiyanitsa pokhuta ndi panjala. Masingano anali ochepa kwambiri, ndipo Sisitala Mokoena ankati ndikadzathyola imodzi adzandipachika pachitseko. Kenako ndinkagwira mutu wa wodwala kuti usagwedezeke, ndikumucheza m'chilankhulo chake. A Chipewa ankabwereza kawirikawiri kuti singanoyi sichiza munthu, imangotiuza mdani amene tikulimbana naye, ndipo ngakhale iwo anali akuiphunzira.

Apa ndinene chimene chinkandiwawa, musandiseke. Onse ogwira makina ankavala zikhoti zoyera, ine ndekha ndinali mu ovololo yakhaki. Ndinapita kosungira katundu kukapempha, kalaliki wake n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Baba, iwe unalembedwa kuti ndiwe wokankha machira. Wokankha machira ndi khaki." A Chipewa anakalankhula, Sisitala anakakalipa mpaka mawindo kunjenjemera, koma kalaliki sanasunthe. Ndinangoti chabwino, mpweya suyang'ana malaya.

1991

Masiku a Lamlungu ndinkapita ku Alexandra kukacheza ndi anthu akwathu. Tinali ndi gulu lathu lothandizana pa matenda ndi pa maliro, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, poti kuchilendo munthu wolankhula chinenero chako ndi mbale wako basi. Tinkasonkhana pabwalo la kuseri kwa kachipinda ka Che Amidu, telala wochokera ku Mangochi. Munthu ameneyu anali wanthabwala zosatha, ndipo kaliwo wake wa fodya sankachoka pakamwa ngakhale akusoka. Ashehe anamudzudzula mpaka kutopa. Iye ankati, "Ashehe, utsiwu ndi wothamangitsira njenjete pansalu za makasitomala." Mtsogoleri wa gulu anali Che Bwanali, wogulitsa zipatso, munthu wonenepa, wokoma mtima, wokonda kukonza zinthu za anzake ngakhale asanamupemphe.

Ndinaona kuti Che Amidu ayamba kumanga kansalu m'khosi dzuwa likuswa mtengo, ndipo mawu awo asasa. Nditawakakamiza anamasula. Mayo ine! Pansi pa chibwano panali chotupa ngati dzira la bakha. Ndinawatengera kwa a Chipewa, anawayeza, anadulako kanyama, ndipo yankho linabwera lakuti ndi khansa.

Tsono mumvetse mwambo wathu wa ku Joni. Munthu akadwala matenda oti aliyense akuona kumene akulowera, sitinkadikira. Tinkamukweza galimoto akadali ndi mpweya kuti akafere kwawo, chifukwa kudutsa ndi mtembo m'malire a maiko inali ntchito yosatheka kwa anthu ngati ife. Ndipo palibe chimene munthu wakwathu ankachiopa kuposa kuikidwa m'dothi la eni, opanda mlongo womulira, kumudzi n'kumangoti uja anatchona. Sikunali kutaya munthu ayi, chinali chikondi. Choncho Che Bwanali atangomva dzina la nthendayo, anayamba kuthamangathamanga. Anapeza malo pa lole ya munthu wakwathu imene inkanyamuka Loweruka, yodzera ku Zimbabwe ndi ku Zambia poti kunjira ya ku Tete kunali nkhondo. Lole yotere sinkapezeka wambawamba. Ukaiphonya, udikira miyezi.

Mkati mwa sabata imeneyo tinawayeza Che Amidu ndi singano ija. Atagona pabedi, ine nditagwira mutu, anayang'ana singanoyo ndi diso la telala.

"Achimwene, afunseni adokotalawa. Singano yopanda ulusi, akufuna kusoka chiyani?"

Nditamasulira, a Chipewa anati, "Uwauze kuti ndikungoyesa muyeso, kusoka n'kwa mawa."

"Ehe, ndiye ndi telala mnzanga! Asandidule mopereweza."

Tinaseka tonse, koma timizati titatuluka kuseka kwanga kunathera pomwepo. Timizati tonse tinali titaunjikana kumanzere. Ndinali nditaona zotere kokwanira, ndipo ambiri mwa odwala otere sindinawaonenso. A Chipewa anatsegula chikope cha Che Amidu n'kuyang'ana m'kati mwake. Munali mbuu.

"Magazi awo ndi ochepa kwambiri," anatero, "ndipo utsi wa fodya umalanda malo a mpweya m'magazimo. Mwina chotupachi chilibe mpweya chifukwa cha mitsempha yake, pamenepo palibe chimene ndingasinthe. Koma mwina n'chifukwa chakuti magazi omwewo akubwera opanda kanthu. Tiwaonjezere magazi, asiye fodya, tiyezenso sabata yamawa."

"Bwana, lole inyamuka Loweruka."

"Ndikudziwa, Lufeyo. Sindingalonjeze kanthu. Uwauze zoona zokhazokha."

Ndinawauza zoona, osachotsera, osawonjezera. Che Amidu anangoti, "Tikakambe ndi anzathu."

Lachisanu masana, Asilamu atatuluka mu mzikiti, tinasonkhana pabwalo paja. Makina osokera anali atamangidwa kale m'chiguduli. Che Bwanali anatulutsa phukusi n'kulimasula monyadira. Inali sanda, nsalu yoyera imene Asilamu amakulungamo maliro, kuti ikhale m'sutikesi ya wodwala ngati zingavute panjira.

"Gwirani muone," ankatero akuyendetsa nsaluyo kwa aliyense. "Iyi si nsalu ya masewera. Ndazungulira masitolo onse a amwenye m'tauni. Che Amidu ndi telala, sitingawachititse manyazi ndi nsalu yoonekera."

Mwini wake anaigwira, anaitikita ndi zala, n'kugwedeza mutu. "Yabwinodi. Mwandilemekeza."

Pamenepo ndinaimirira n'kufotokoza za singano, za magazi ndi za fodya. Ndinanenanso za mbaula ija. Anthu anang'ung'udza. Che Bwanali sanakalipe, anangondiyang'ana mwachisoni.

"A Kachingwe, tiuzeni. Singano yanuyo yanena kuti achira?"

"Ayi. Yanena kuti zinthu sizili bwino."

"Nanga adokotala alonjeza?"

"Sanalonjeze."

"Ndiye mukufuna munthu aphonye lole chifukwa cha mwina? Akatsalira kuno, mudzawauza chiyani alongo ake ku Mangochi? Mwambo wathu mukuudziwa. Woletsa wodwala kukwera, maliro ake amasenza yekha, ndipo ndiye amakaima pamaso pa abale kukafotokoza."

Ana anga, pa moyo wanga wonse sindinaonepo mphindi yolemera ngati imeneyo. Ndinkaopa. Ndikanakhala pansi palibe akanandinena, ndipo mnzanga akanakafera m'manja mwa abale ake mwaulemu. Koma ndinkadziwanso kuti kwathu kunalibe makina owotcha chotupa, ndipo kukwera lole ija kunali kutsanzika. Choncho ndinati, "Ndisenza."

Onse anatembenukira kwa Che Amidu, poti khosi linali lawo. Iwo anachotsa kaliwo pakamwa, anamuyang'ana nthawi yaitali ngati akutsanzikana ndi mkazi, anamugogoda pa chidendene cha nsapato kuti phulusa ligwe, n'kundipatsa m'manja.

"Sungani, achimwene. Ndipo wina amasule makina angawo, angachite dzimbiri."

Che Bwanali anapukusa mutu, anapinda sanda ija bwinobwino n'kundipatsanso. "Poti mwasenza, sungani ndi iyi yomwe." Loweruka lole inapita, ndipo pamalo pa Che Amidu panakwera njinga imene Che Bwanali ankatumiza kwa mlamu wawo.

Sabata imene inatsatira, wodi yonse inadziwa kuti muli Mnyasa wolandidwa fodya. Magazi anawalandira mwaulemu, akuti, "Kaya ndi a Mzulu, ndikayamba kuvina mundigwire." Koma za kaliwo zinali zina. Ankandiitana mokoma, "Achimwene anga a Kachingwe, mwana wa mfumu, ndingomununkhiza basi." Ndikakana ankatembenuka: "Mngoni wouma mtima iwe, n'chifukwa chake kwanu kumangomera mbatata!" Tsiku lina anakanyengerera mkulu wa bedi loyandikana nalo kuti awagawire ndudu, koma Sisitala Mokoena anamva fungo ali kutali. Zimene anawauza m'Chisutu sindinamasulire, ndipo panalibe chifukwa chomasulira. Ine sanda inali pansi pa matiresi anga ku Randburg, kaliwo m'thumba la ovololo, ndipo chakudya sichinkalowa.

Tsiku loyezanso ndinaviika singano ija mosamala kuposa masiku onse. Ndinagwira mutu wa mnzanga, koma manja amene ankanjenjemera anali anga. "Mukundigwedeza ndinu," anatero Che Amidu, "gwirani bwino, telala angalakwitse muyeso." Singano inayenda ulendo wake wa bilimankhwe, ine maso ali pagalasi. Timizati tinatuluka. Tina tinali kumanzere ndithu, koma tambiri tinali titasamukira pakati, tina mpaka kumanja. A Chipewa anawerama, anayang'anitsitsa, kenako anachita chinthu chimene sindinachionepo pa zaka zonse zimene ndinawadziwa. Anavula chipewa n'kupukuta mutu. Dazi lake, ana anga, ngati dzungu losenda! Che Amidu anaiwala kuti ali ndi singano m'khosi.

"Alhamdulillah, ndaona zimene a Kachingwe sanazione chibwerere ku Joni! Tsopano ndikhoza kufa."

"Uwauze kuti asafulumire," anatero a Chipewa akubwezera chipewa. "Mpweya walowa. Mawa tiyamba kuwotcha."

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Masabata a kuwotcha anali owawa. M'kamwa munatuluka zilonda, khungu la pakhosi linada n'kusupuka, kumeza malovu kokha inali nkhondo. Munthu wanthabwala uja anakhala chete, anaonda mpaka ndinkamunyamula ndi dzanja limodzi. Tsiku lina anandinong'oneza kuti, "Achimwene, nsalu ija ilipo?" Ndinati ilipo, ndipo ndinatuluka kukalira kuseri kwa zibotolo za mpweya. Ndinkadzifunsa kuti ndidzayamba ndi mawu ati pamaso pa alongo ake. Koma mudziwe mtima wa Che Bwanali. Munthu amene ndinatsutsana naye pagulu uja ankatseka malonda ake masana aliwonse, n'kubwera ndi phala lamadzimadzi m'botolo ndi mapapaya akupsa kwambiri, n'kumamwetsa mnzake ndi kasupuni. Kwa ine sananenepo kuti ndinakuuzani. Ankangoti, "A Kachingwe, poti tayamba kuwoloka, tisayang'ane m'mbuyo."

Pang'onopang'ono dzira lija linayamba kuphwa. Linasanduka ngati mtedza, kenako a Chipewa ankalifunafuna ndi zala osalipeza. Tsiku limene Che Amidu anameza nthochi n'kupempha ina, Sisitala Mokoena anaimba nyimbo ya kutchalitchi kwawo pakati pa wodi. Sindikunena kuti singano ija inawachiza. Ena amene timizati tawo tinali tabwino kuposa apa tinawataya, ndipo a Chipewa mpaka ndinachoka ankati akuphunzirabe. Ine ndikungonena zimene ndinaona ndi maso anga.

1993

Chaka chimenechi msana unandiuza kuti zakwana, ndipo ndinapempha kupuma. Kutatsala sabata imodzi kuti nditsanzike, ndinaona Che Amidu ndi Che Bwanali akutsika masitepe a chipinda chathu chapansi. Che Amidu anali atanenepanso, mawu okha ndiwo anatsala osasa, ndipo ndevu zinkamera mbali imodzi yokha, moti ankati ometa ayenera kumawachotsera mtengo. Sanda ija ndinali nditabwezera Che Amidu kalekale, ndipo kaliwo anandiuza kuti ndimutaye m'chimbudzi. Tsikulo Che Amidu anandipatsa phukusi. Nditamasula ndinapeza chikhoti choyera, chosokedwa bwino kuposa cha a Chipewa, matumba atatu, kolala yoima, mabatani onyezimira.

"Valani tione," anatero.

Ndinavala, ndipo chinandikwana ngati ndinabadwa nacho. "Munandiyesa liti muyeso?"

"Masabata onse aja munkandiweramira mutagwira mutu wanga, mumayesa ndinkayang'ana chiyani? Nanga nsaluyo mukuidziwa?"

Ndinaitikita ndi zala, ndipo ndinaizindikira. "Che Amidu! Mwandiveka sanda ndili moyo?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Sanda ndi sanda ikakulunga maliro. Iyi sinakulunge munthu, ndi nsalu chabe. Inagulidwa kuti indiperekeze ine kumanda, inu munaitsekereza panjira. Ndiye ikhale yanu, muziyenda nayo."

Che Bwanali anadandaula kuti, "Nsalu yabwino ngati imeneyi, masitolo onse aja ndinazungulira!" Koma ankapukuta m'maso ndi kansalu. Ine ndinayamba kumasula mabatani mwamantha, ndipo mawu anamveka kumbuyo kwanga: "Wena Nyasa! Ukavula chimenecho undiona." Choncho sabata yanga yomaliza ndinaigwira nditavala zoyera. Ndinadzera dala kosungira katundu kukapereka moni kwa kalaliki uja, ndipo odwala atsopano ankanditchula dokotela, ine osawakonza msanga.

Che Amidu tinakwera nawo basi imodzi pobwerera kuno kumudzi, atakhala pawindo, makina awo osokera ali padenga, akudya nthochi njira yonse. Alongo awo anawalandira akuyenda ndi miyendo yawo. Anasokanso zaka zambiri pakhonde la sitolo kwawoko, ndipo madiresi a sukulu amene ena mwa inu munavala anachokera m'manja mwawo. Pamene anadzatisiya, atakalamba, anawakulunga m'nsalu ina, n'kuwaika pafupi ndi amayi awo.

Ndiye mwamva, ana anga. Chikhoticho si cha mapilo, ndipo wina asadzachitenge kuti azikagulitsira nyama pamsika. Tsiku langa likadzafika, musadzavutike ndi kundigulira suti. Mudzatsegule sutikesi, mudzachisite bwino, mudzandiveke ndi kumanga mabatani onse mpaka m'khosi. Che Bwanali anagula nsalu yabwino, ndipo yadikira ntchito yake nthawi yaitali.